Mzere wa Choko ndi Madzi Ozizira a Bambo Chabwera

Nkhani iyi sindinayiuzepo munthu, ngakhale mchemwali wanga amene amandiphikira. Ndikuilemba tsopano chifukwa Bambo Simiyoni Chabwera tawaika m'manda Lachitatu lapitali, ndipo mwa onse amene anaimirira kuyankhula pamaliropo palibe anatchula chimene munthuyo anakhalira moyo zaka zisanu zomalizazi. Chinali chimodzi chokha. Akazi awo, Mayi Nangozo, analembedwa m'buku la mpingo wathu kuno ku Kawale kuti anali chidakwa, ndipo anafa zili choncho. A Chabwera ankafuna kuti bodzalo liwongoledwe m'buku momwemo. Amene tinachititsa kuti lilembedwe tilipo awiri. Mmodzi ndi a Gwaza, mlembi wa mpingo. Winayo ndine.

Dzina langa ndine Zuze. Ndimasesa m'tchalitchi, kuimba belu ndi kusunga makiyi. Cholembera ndachigwira nditamera kale imvi, ndiye pamene mawu akhota mundipirire.

A Chabwera anali a ku Ntcheu, aatali, owonda, khosi lotulukira kutsogolo ngati munthu wosuzumira pampanda. Anagwira ntchito m'zipatala za boma mpaka kupuma. Sanali dokotala wamkulu ayi, anali wothandiza madokotala, koma ife tonse tinkangoti adokotala. Ali achinyamata anatumikirapo dokotala wina wa makutu, ndipo kumeneko anatengako khalidwe limene sanalisiye mpaka imfa, loyang'ana mmene anthu akuyendera. Ukakhala nawo pakhonde sunkacheza ndi munthu wathunthu. Pakamwa pankakuyankha, maso ali pamsewu.

"Uyo wokankha njingayo waledzera," ankatero. "Uyo wa dengu ndi bondo chabe. Koma mayi awo akuyenda chogwira mpandawo, mutu osautembenuza, thamangani mukawaitane."

Matenda awo anali chizungulire. Ankati mkati mwenimweni mwa khutu, kupitirira pamene chala chimalekeza, muli kachiwalo kamene kamauza thupi kuti kumwamba ndi uku, pansi ndi uku. Makutu awiriwo akamanena zofanana, munthu amayenda osaganizako n'komwe. Limodzi likadwala n'kuyamba kunena zakezake, dziko limazungulira. Pa nkhani imeneyi anakangana ndi Kawale yense. Anakangana ndi ogulitsa mankhwala amene aliyense wa chizungulire ankamuuza kuti magazi achepa. Anakangana ndi amene chilichonse amati ndi BP. Sing'anga wina wa kumsika amene ankatema anthu mphini kuseri kwa makutu anamutsatira mpaka pamphasa pake n'kumuuza, anthu akumva, kuti akutema khoma pamene wodwala ali m'chipinda. Sanali munthu wofewa pakamwa. Akapambana mkangano sankausiya pomwepo, ankabweranso mawa lake kudzaupambana kachiwiri.

Kuseri kwa nyumba yawo kunali kachipinda kamene kale kankagona nkhuku. Anakawaka simenti, n'kuikamo bedi lathabwa ndi mpando. M'menemo ndi mmene ankayesera anthu, ndipo munthu mmodzi ankamuyesa njira zinayi kapena zisanu, chifukwa ankati njira imodzi ndi mboni imodzi, ndipo iwo mboni imodzi sankaikhulupirira.

Poyamba wodwala ankaima mapazi ogundana, maso otseka. Kenako ankatambasula manja kutsogolo n'kuguba pamalo amodzi, maso ali chitsekere.

"Gubani, mayi, mawondo m'mwamba."

"Adokotala, ine kuguba ndinasiyira ku pulayimale."

"Ndiye lero mwabwereza kalasi. Gubani."

Wa khutu lodwala ankapotoloka pang'onopang'ono kulowera mbali ya khutulo, ndipo potsegula maso ankadabwa kuona zenera pamene anasiya chitseko. Koma a Chabwera ankati kugubako nthawi zina kumanama. Munthu akamamva wailesi mbali imodzi amadziwongola nayo osadziwa. N'chifukwa chake oyandikana nawo anazolowera kumva mawu akuchokera kuseri: "Zimitsani wailesiyo, tikugwira ntchito kuno!"

Ena ankawagoneka chagada mwadzidzidzi, mutu utapendekera mbali imodzi n'kulendewera kumapeto kwa bedi, iwo akuyang'ana m'maso. Njira imeneyo inkagwira anthu aja amene dziko limawazungulira kanthawi kochepa akamatembenuka pogona. Ndipo pomaliza pankabwera madzi. Ankaunika kaye m'khutu ndi tochi kuti aone ngati mulibe bala, kenako n'kuthiramo madzi ozizira ndi jekeseni yopanda singano. Khutu lamoyo likalandira madziwo, maso amayamba kudumphadumpha okha, munthu wabwinobwino n'kugwira bedi, denga likumuzungulira kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Khutu lofooka limangokhala duu, ngati wathirira mwala. Zonsezi ankazilemba m'makope a ana asukulu, njira iliyonse ndi danga lake, n'kumafananiza kuti ndi njira iti yanena zoona pa munthu uti. Anapeza kuti a chizungulire cha pogona aja madzi sawaonetsa vuto lililonse, ndipo a khutu lofooka kuwagoneka chagada sikunena kanthu. Ankakhala nawo makopewo ngati munthu woweruza mlandu wa mboni zosagwirizana.

Njira imene ankainyoza ndi yoyendetsa munthu pamzere, chidendene kugunda chala. Ankati pamzere amagwa aliyense: woledzera, wokalamba, wanjala, wamantha, wodwala. Mzere umangokuuza kuti munthuyu akudzandira, chimene unachiona kale ndi maso ako asanalowe m'nyumba.

Mayi Nangozo anali aafupi, a mawu aakulu, wapampando wa amayi mumpingo. Khutu lawo lamanzere linayamba kulira ngati chigayo chakutali, kenako kugontha. Chizungulire chikawagwira ankagona theka la tsiku akusanza, ndipo chikawasiya ankayendabe chopendekera kumanzere. Amuna awo anawayesa njira zonse, kambirimbiri. Akaguba ankapotolokera kumanzere nthawi zonse. Madzi akalowa khutu lakumanja maso ankadumpha, akalowa lakumanzere pafupifupi osagwedezeka. Amayi anzawo ankadziwa, ndipo popita kumapemphero a Lachinayi kapena kumsika pankakhala wina wowagwira mkono.

Chaka cha riferendamu chija Mayi Nangozo anawauza a Gwaza pamaso, akazi awo ali pomwepo, kuti mlembi wa mpingo sangamasunge nyumba yachiwiri ku Chinsapo n'kumawerenga mayina a ochimwa Lamulungu. Patapita milungu itatu a Gwaza anandipeza ndikusesa.

"A Zuze, si inu munawaona Mayi Nangozo akudzandira, akuchokera cha kwa mayi wotcheza kachasu uja?"

Ndinawaonadi panjira imeneyo. Ndi njira yopita kuchigayo, aliyense amadzera pomwepo, abusa amene. Ndinavomera. A Gwaza analemba mawu anga papepala, ine n'kudinda ndi chala.

Tsiku la bwalo la akulu a mpingo a Chabwera anafika ndi makope awo ndi kalata imene analemba, yofotokoza matendawo ndi zimene njira iliyonse inaonetsa. A Gwaza anawaimitsa pakhomo. Anati mwamuna sangakhale mboni ya mkazi wake, koma kalatayo aisiye, bwalo liimva. Anaipinda n'kuika m'thumba la jekete. Mkatimo anati mlanduwu ndi wosavuta, ngakhale apolisi amadziwa kuyesa kwake, ndipo anandipatsa choko kuti ndijambule mzere pansi.

"Muuwongole bwino, a Zuze," anatero Mayi Nangozo, "kuti ponama pano pasakhale ponamizira choko."

Anayenda mapazi atatu. Pa phazi lachinayi anapendekera kumanzere n'kukagunda kabati.

"Mwadzionera nokha, abusa," anatero a Gwaza. "Ndipo lero ndi tsiku la mlandu. Nanga masiku ena?"

"Mwamuna wanga ali panjapo," anatero mayiwo ali pansi. "Muitaneni andithire madzi m'khutu muone."

Akulu a mpingo anaseka. Madzi m'khutu! Anawadula mumpingo kufikira atalapa. Iwo anati sangalape mowa umene sanaulawepo chibadwire, ndipo sanalape.

Munthu wodulidwa amayi anzake amaopa kuoneka naye. Wowagwira mkono anasowa. M'dzinja lotsatira, akuchokera kumsika wa ku Biwi okha, chizungulire chinawagwira pakamlatho ka ngalande, anagwa n'kumenyetsa mutu pasimenti. Anthu anawaona. Ena a mpingo wathu womwe anadutsa akunena kuti ndi aja anadulidwa aja, muwasiye mowa uwatsike. Anawatola ndi telala wina wachisilamu, Che Amidu, amene za kudulidwa sankazidziwa. Anamwalira mawa lake kuchipatala. Pamaliro pawo sipanabwere kwaya, yunifolomu yawo yoyera sinaikidwe pabokosi, ndipo ine sindinaimbe belu chifukwa a Gwaza anati lisaimbidwe.

A Chabwera sanalire pagulu. Anakhala chete miyezi itatu, akubwera kutchalitchi, kukhala pabenchi lakumbuyo. Tinkati mtima wawo waphwa. Lamulungu lotsatana ndi Pasaka, anthu akutuluka m'mapemphero, tinawapeza panja pansi pa mtengo wa kesha ataika mpando, beseni ndi fulasiki.

"A mlembi," anaitana mokweza, "ndili ndi funso la munthu wosaphunzira. Kodi madzi amaledzeretsa?"

A Gwaza anali mu suti yawo yotuwa, Baibulo kukhwapa. Anaseka n'kuyang'ana anthu. "Madala, chisoni chakupwetekani. Pitani mukapume."

"Ndipuma. Tangoyankhani. Madzi a pampopi, oziziritsa mufiriji ya pagolosale apo. Abusa, talawani." Anathira pang'ono m'chivundikiro, abusa a nthawi imeneyo analawa n'kuvomera kuti ndi madzi. "Munaseka mkazi wanga atanena za madzi m'khutu. Ngati zinali zoseketsa, khalani apa tisekere limodzi. Kapena mukuopa madzi, bambo wamkulu ngati inu?"

Achinyamata a kwaya anayamba kukuwa kuti akhale, akhale. A Gwaza ndi munthu woti sangalole kuchepa pamaso pa amayi. Anapatsira wina Baibulo n'kukhala pampando, miyendo atapingasa.

Chimene sindiiwala n'chakuti a Chabwera, ndi ukali wonse umene anali nawo, anatulutsa kaye tochi n'kuunika m'khutumo bwinobwino. Anati khutu ndi labwino, mulibe bala. Kenako anatembenukira kwa ine n'kutulutsa choko m'thumba.

"A Zuze, jambulani mzere pakhondepo. Inu ndiye katswiri wake."

Ndinajambula. Iwo anapendeketsa mutu wa a Gwaza chambuyo, anandigwiritsa beseni paphewa, n'kuthira madziwo m'khutu ndi jekeseni ija pang'onopang'ono. Poyamba a Gwaza ankamwetulira. Kenako kumwetulirako kunauma. Ine ndinali pafupi, ndinaona maso awo akudumphira mbali imodzi n'kubwerera, kudumpha n'kubwerera, ngati si awo.

"Imirirani, a mlembi. Mzere ndi uwo. Chidendene kugunda chala, monga amachitira apolisi."

A Gwaza anaimirira n'kugwira mpweya ndi manja onse awiri. Phazi loyamba linaponda pambali pa mzere. Lachiwiri silinapeze pansi. Anapepesuka n'kukagwera m'maluwa a amayi abusa, ndipo ali chogwada momwemo anasanza tiyi ndi mbatata za m'mawa pa suti yotuwa ija. Ana anakuwa. Amayi ena anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka.

A Chabwera sanaseke. Anaima pamwamba pawo n'kunena ndi mawu a tsiku lililonse: "Mkazi wanga anayenda atatu. Inu mwayenda limodzi. Abusa, mwadzionera nokha, ndipo lero ndi Lamulungu. Nanga masiku ena? Bweretsani buku, a mlembi aledzera."

Ndinkaganiza kuti tsiku limenelo bukulo litsegulidwa. Silinatsegulidwe. Pofika Lachitatu nkhani inali itatembenuka: ankati mujekeseni muja munali mankhwala, ena ankati matsenga a ku Ntcheu. Bwalo linakhala n'kudula a Chabwera chifukwa chonyozetsa mkulu wa mpingo pabwalo la tchalitchi. Kawale anaseka mwezi wathunthu, ana ankayenda chodzandira kumbuyo kwa a Gwaza, koma dzina la Mayi Nangozo linakhala mmene linalili. A Chabwera anandiuza pambuyo pake kuti tsiku lija analakwitsa chinthu chimodzi: anapatsa anthu choseketsa, ndipo munthu amene waseka amaona ngati mlandu watha.

Ine ndinkawathawa. Ndikawaona kutsogolo ndinkakhotera kanjira kena. Tsiku lina anandipeza pampopi pamene ndinalibe kothawira.

"A Zuze, munadinda chala papepala lija chifukwa simudziwa kulemba?"

"Eya, adokotala. Zimene analembapo a Gwaza ine sindikuzidziwa. Mwina anawonjezera."

"Mwina anawonjezeradi," anatero. "Sukulu ya kwacha ikuyamba Lolemba. Ndakulembetsani kale."

Ndinapita, bambo wa zaka makumi asanu ndi mphambu, kukakhala pakati pa amayi oyamwitsa n'kumaimba a, e, i, o, u. Ndikaweruka ndinkadzera kwa a Chabwera, iwo n'kundiwerengetsa. Anandigulira kope ndi pensulo. Maso atayamba kundivuta anandipezera magalasi. Ndikalakwitsa sankakalipa, ankangoti bwerezani. Nditayamba kuwerenga zosindikiza anati sizikukwanira, ndiphunzire zolemba pamanja, ndipo ankandilembera mizere yopendekera, zilembo zolumikizana, zofanana ndi kalembedwe ka munthu wina amene ndinkamudziwa. Ine wopusa ndinkauza anthu kuti a Chabwera ndi Mkhristu weniweni, andikhululukira. Zinatenga zaka ziwiri.

Tsiku lina nditawerenga tsamba lonse osapunthwa anatseka kope.

"Mwatha. Makiyi a kabati muli nawo. Mukatsegule buku la bwalo la chaka chija, mukawerenge umboni wanu, mubwere mudzandiuze zimene a Gwaza anawonjezera."

Ndinapita masana, m'tchalitchi mulibe munthu. Pepala langa linali lomatidwa patsamba la mlanduwo, chala changa chili pansi pake chakuda bii. Ndinawerenga liwu ndi liwu, kawiri. Linati ndinawaona Mayi Nangozo akutuluka m'nyumba ya kachasu. Linati atandidutsa ndinamva fungo. Linati aka sikanali koyamba.

A Gwaza sanawonjezere kanthu. Mawu onsewo anali anga. Iwo anangondifunsa za njira, za kutuluka m'nyumba ndi za fungo ndinaikapo ndine, ndi pakamwa pangapa. Zaka zonsezo ndinabisala kuseri kwa umbuli wanga mpaka ndinakhulupirira ndekha kuti ndinanamizidwa.

Chifukwa chake ndi ichi, ndipo ndi chimene sichinatulukepo m'kamwa mwanga. Ndinali ndi mkazi. Ndinkamumenya. Tsiku lina ndinamuthyola dzanja, iye n'kuthawira kwa Mayi Nangozo. Anamusunga masiku anayi, ndipo nditapita kukamutenga anaima pakhomo, aafupi choncho, n'kundiuza kuti ndidutse pa iwo kaye. Kenako anamuperekeza kudepoti n'kumukweza basi ya ku Dedza. Mkazi wangayo sanabwerenso. Ndinasunga zimenezo zaka zisanu ndi ziwiri, ndikuwapatsa moni Lamulungu lililonse, kufikira a Gwaza atabwera ndi funso lawo.

Kuseri kwa tsambalo ndinapeza chinthu china. Kalata ya a Chabwera ija inali momwemo, yopindidwa kanayi, yobayidwa ndi phini. Pakona pake a Gwaza analemba ndi dzanja lawo kuti siyofunika kuwerengedwa. Koma m'katimo mizere ina inali yodulidwa mzere kunsi ndi inki yomweyo. Anaiwerenga. Ankadziwa kuti mayiwo akudwala, ankadziwa kuti pamzere agwa, ndipo ndi chifukwa chake anasankha mzere.

Ndinabwerera kwa a Chabwera.

"Mwawerenga?"

"Ndawerenga."

"Anawonjezera chiyani?"

Ndinagwada n'kuyamba kulira. Anandiyang'ana ngati mmene ankayang'anira odutsa pamsewu.

"Dzukani, mukudetsa thalauza. Misozi ndili nayo yanga, yanu sindikuifuna. Ndakupatsani dzanja lolemba. Bukulo mukudziwa pamene limakhala."

Apo ndi pamene ndinazindikira kuti sanandikhululukire ndi tsiku limodzi lomwe. Pensulo, magalasi, kuleza mtima konse kuja, ankanola mpeni, ndipo mpeniwo ndinali ine. A Gwaza anawagwetsa mphindi ziwiri. Ine anandikonzera chinthu choti chizindizungulira moyo wonse.

Ndipo sindinalembe. Ndinaopa. Kanyumba kamene ndimakhala n'ka mpingo, ntchito ndi ya mpingo, ndipo wonama pabwalo amadulidwa. Ndinkaopa kufa ngati mmene anafera mayiwo, popanda nyimbo, ine amene ndinawachititsa. Zaka ziwiri zina zinadutsa. A Chabwera sanandikumbutsepo ndi mawu. Tikakumana ankangoyang'ana dzanja langa lamanja, kenako nkhope, n'kupitirira. Anthu a chizungulire ankabwerabe kuchokera ku Area 23, ku Chinsapo, ena mpaka ku Nsungwi, ndipo aliyense wochokako ankapatsidwa kapepala kolembedwa kuti munthuyu ali ndi matenda a khutu, saledzera, kuti aziyenda nako m'thumba. Chifuwa chitawagoneka mwezi wathawu ndinapita kukawaona. Mwana wawo wamkazi, amene anabwera kuchokera ku Ntcheu kudzawadwazika, anatuluka n'kundiuza kuti bambo akuti ngati mwalemba lowani, ngati simunalembe mudziwa nokha. Ndinabwerera pakhomo.

Anawaika ngati munthu wodulidwa, popanda kwaya. Koma anthu anadzaza, ambiri a iwo odwala awo akale, Akhristu ndi Asilamu, ndipo amayi ena a kumsika anayambitsa okha nyimbo popanda wowaloleza. A Gwaza anabwera. Anakhala pampando wakutsogolo, ndipo itafika nthawi ya mawu anaimirira m'malo mwa anthu a m'dera. Anati malemuwa anali munthu wa luso koma wovuta mtima, anati pakati pa iwo awiri panali tinthu tating'ono, ndipo iwo monga Mkhristu anakhululuka kalekale. Anati akhululuka! Dzina la Mayi Nangozo sanalitchule, pamene manda awo anali mapazi asanu kuchokera pamene anaimapo, udzu utamera. Ndinayang'ana khosi lawo lonenepa likugwedezeka pa kolala, ndipo ndikanakhala ndi mphamvu za kale ndikanachita chinthu choipa pamandapo.

Pobwera kumanda ndinalowa kuseri kwa nyumba ya a Chabwera, m'kachipinda kaja. Achibale anali atatulutsa kale bedi kuti agonepo alendo, pansi patangotsala madontho anayi oyera pamene panali miyendo yake. Pakhoma, pa msinkhu wa phewa la munthu, pali mzere wakuda wa mafuta a m'manja, pamene odwala a zaka zonsezi ankagwira akamapepesuka. Msomali umene ankapachikapo jasi lawo unali wopanda kanthu. Pawindo panali kapu imene wina wake anamweramo tiyi, nyerere zitazungulira. Kuseri kwa mpanda wailesi ya oyandikana nawo inkaimba mokweza, ndipo panalibe woikalipira. Nkhuku imodzi inalowa, inayang'ana uku ndi uku, n'kukhala pakona ngati yauzidwa kuti malo abwerera kwa eni ake.

M'mawa mwake, Lachinayi, nditatha kusesa ndinatsegula kabati n'kutulutsa bukulo. Pansi pa chigamulo cha mlandu uja panali danga la mizere isanu ndi umodzi. Ndinakhala pampando wa a mlembi, ndinatenga cholembera chawo chomwe, n'kulemba pang'onopang'ono kuti pasapezeke wonena kuti sizikuwerengeka:

"Umboni uwu ndi wabodza. Mayi Nangozo sindinawaone akutuluka m'nyumba ya kachasu ndipo sindinamve fungo. Ndinanama chifukwa anapulumutsa mkazi wanga kwa ine. Mayiwo ankadwala khutu. A Gwaza ankadziwa, kalata ndi iyi, anaiwerenga n'kuibisa. Ndalemba ndine Zuze, ndi dzanja langa."

Kalata ija ndinaifunyulula n'kuibaya ndi phini pamwamba pa tsambalo, mbali ya inki ya a Gwaza ikuoneka.

Abusa amene tili nawo tsopano anabwera chaka chatha, za mlanduwu sakuzidziwa, ndipo bwalo likhala Loweruka. Nyumba yawo ili kuseri kwa tchalitchi, mapazi makumi awiri. Ine sindinadzere kumeneko. Ndinatuluka pageti, bukulo nditalinyamula pachifuwa, n'kuzungulira njira yaitali yodutsa pakhomo pa a Gwaza. Ndinawapeza pakhonde atavala vesiti, akupukuta nsapato.

"Mwadzuka bwanji, a mlembi?"

Anayankha moni maso ali pabuku. Chikuto chake chobiriwira amachidziwa kuposa nkhope za ana awo.

"A Zuze, limenelo mukupita nalo kuti?"

"Kwa abusa. Muli kalata ina imene inachedwa kufika."

Nsapato inagwa m'manja. Ndinamva akuitana dzina langa, kenako mapatapata akuwomba pansi kumbuyo kwanga, akupuma mwaphuma, akuti tiyeni tikambirane ngati akuluakulu, a Zuze, taimani. Sindinaime, komanso sindinafulumire. Ndinayenda mwakuti asandipeze koma asatsalire, anthu a m'njira akutiyang'ana, mpaka pageti la abusa. Abusawo anali panja akuthirira mpiru. Ndinadikira kuti a Gwaza alowe nawo pageti, kenako ndinatsegula bukulo patsamba lija n'kuliika m'manja mwa abusa, akadali onyowa.